Chimfine chandigwira koma Loweruka tikukwera Mulanje: ndipite kapena ndisiye?

Funso

Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Dedza, ndili ndi zaka 34. Ine ndi anzanga anayi tinapangana kalekale kuti tikangotsekera sukulu mwezi uno wa Julayi tikakwere phiri la Mulanje. Tinyamuka Lachisanu, Loweruka tiyambe kukwera kuchokera pa Likhubula, tikagone masiku atatu m'phirimo katundu ali kumsana, mpaka tikaponde pa Sapitwa. Ndalama tinasonkha kale. Tsoka ilo, Lamulungu lapitali ndinadzuka ndi chimfine: mphuno zatseka, ndikungoyetsemula, pakhosi pakukanda, mutu ukulemera. Mnzanga wina akuti ndigule makapisozi a amoxicillin kuti chithe msanga, wina akuti thukuta la pachitunda ndiwo mankhwala ake. Ndipite kapena ndisiye? Ngati n'kupita, ndikonzekere bwanji?

Mphunzitsi, Dedza

Yankho

Aphunzitsi, nkhaniyi musaigamule lero. Mwalemba Lachiwiri, kutanthauza kuti chimfinecho chili pa tsiku lachitatu, ndipo tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pamene chimfine chimaluma kwambiri. Munthu akadziyeza pa masiku amenewa amaona ngati sadzadzukanso. Chimfine wamba chimatha chokha pakati pa masiku 7 ndi 10, ngakhale kachifuwa kouma kamatha kutsalira sabata ina kapena ziwiri. Mukawerenga kuyambira Lamulungu, tsiku loyamba kukwera lidzakhala la 7, ndipo tsiku la Sapitwa lidzakhala la 9. Kwa munthu wa zaka 34 wopanda matenda ena, masikuwa akukomerani ndithu, moti ine ndikuona kuti mwina mupita. Koma nthawi yogamula ndi Lachisanu m'mawa musanakwere basi, ndipo chogamula si mphuno ayi. Ndi chifuwa, kutentha kwa thupi ndi kagundidwe ka mtima.

Madokotala oona anthu amasewera ali ndi kalamulo kosavuta kukumbukira. Ikani dzanja pakhosi, muone ngati matenda ali kumtunda kwa dzanjalo kapena kumunsi. Mamina, kuyetsemula, mphuno zotseka, kukanda kwa pakhosi, misozi, mutu wolemera pang'ono, zonsezi n'zakumtunda, ndipo munthu angathe kuyenda nazo bola achepetse liwiro. Zakumunsi ndi chifuwa chochokera pansi chotulutsa makhololo, kubanika, kulira kwa m'chifuwa popuma, kuphwanya kwa thupi lonse, kutsegula m'mimba, kusanza, kuzizidwa kosinthana ndi thukuta. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikakhalapo, chikwama chitsike. Kalamuloka anakapangira munthu wothamanga mphindi 30 pabwalo kenako n'kukagona kunyumba kwake. Inu mukukasenza katundu masiku anayi kutali ndi msewu, choncho ndikakhwimitsa pang'ono.

Pa kutentha thupi ndiye palibe zokambirana. Pezani themometa, yogula kapena yobwereka, chifukwa dzanja la pachipumi limanama, makamaka kuno kwathu kumene manja amakhala ozizira kale. Ikawerenga madigiri 38 kapena kupitirira, ulendo wa sabata ino wafa. Thupi lotentha limataya madzi msanga, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imathamangitsa mtima ndi kugunda pafupifupi 10 pa mphindi munthu ali chigonere. Onjezanipo chitunda ndi katundu kumsana. Palinso china chimene sichichitikachitika, koma chikachitika chimagwetsa ngakhale anyamata amphamvu: mavairasi ena amatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuukakamiza mtimawo ntchito yolemetsa pa nthawi imeneyo kungasokoneze kagundidwe kake. Zizindikiro zake ndi kupweteka pachifuwa, mtima kudumphadumpha, ndi befu losagwirizana ndi ntchito imene mwagwira. N'chifukwa chake timati munthu athe maola 24 thupi osatentha, popanda Panado, asanayambe ngakhale zolimbitsa thupi zopepuka. Pa ulendo ngati wanuwu ine ndingafune masiku atatu athunthu. Ndipo ngati matendawo anakugwetsani mwadzidzidzi, thupi lonse kuphwanya mpaka kulephera kudzuka pabedi, chimenecho si chimfine wamba. Chingakhale fuluwenza kapena COVID-19, ndipo zimenezo munthu sakwera nazo phiri.

Poti tili ku Malawi, thupi likatentha timayamba taganiza za malungo. Ambiri a pa boma pano amadzinamiza kuti kuno n'kozizira, udzudzu kulibe. N'zoona kuti kumtunda kuno malungo ndi ochepa poyerekeza ndi kunyanja, koma alipo, ndipo ngati sabata ziwiri kapena zitatu zapitazi munatsikira ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Salima, kaya kumaliro kaya kuchinkhoswe, n'kugonako usiku umodzi, mwina munabwera nawo. Malungo amatenga kawirikawiri masiku 10 mpaka 15 kuti aonekere, ndipo amayamba ndi zomwezo: mutu, kufooka, kuzizidwa. Mamina satsimikizira kuti malungo palibe. Munthu amatha kudwala zonse ziwiri nthawi imodzi. Kubayitsa chala kumatenga mphindi 20 zokha. Akakupezani nawo, malizani LA masiku onse atatu, ndipo za Mulanje muiwale kaye.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikukhwimitsa chonchi pa kachimfine kamene mumalowa nako m'kalasi chaka chilichonse. Chifukwa chake ndi kutalika kwa njira yobwerera. Pa boma pano zikavuta mumakwera kabaza, mphindi zochepa muli pachipatala. Ku Mulanje tsiku loyamba lokha mukwera pafupifupi mamita 1,000 kuchoka pa Likhubula kufika ku nyumba yogonamo ya Chambe. Nyumba ya Chisepo, imene anthu amagonamo asanakwere Sapitwa, ili cha pa mamita 2,200, kufanana ndi nsonga ya phiri lathu la Dedza lomwe ndi mamita 2,198. Sapitwa ndi mamita 3,002. Kumeneko kulibe galimoto, netiweki ya foni imagwira apa ndi apo, ndipo wodwala amatsitsidwa ndi anthu anzake, maola ambiri m'njira ya miyala. Malungo akakula kapena chimfine chikasanduka chibayo usiku pa Chisepo, thandizo lili kutali.

Ndiye pali kuzizira. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Dedza boma ili cha pa mamita 1,600. Ganizirani m'mawa wa Julayi pasukulu panu, pamene zala zimakana kugwira choko, muchotsepo madigiri ena 9, muwonjezepo mphepo: ameneyo ndiye Sapitwa. Mwezi unonso ndi wa chiperoni. Kunja kumacha bwinobwino, kenako nkhungu ndi mvula yowaza zimabwera kuchokera kummwera chakum'mawa, miyala n'kuyamba kuterera, njira osaoneka, ndipo zimatha kukhala choncho masiku angapo. Munthu wonyowa, wotopa, wosadya mokwanira chifukwa chimfine chamuphera chilakolako, amataya kutentha kwa thupi msanga kuposa anzake. Mu Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patatha pafupifupi sabata zitatu. Chinamupha ndi kuzizira.

Za kuchepa kwa mpweya musade nazo nkhawa kwambiri. Pa mamita 3,000 mukakoka mpweya mumapeza okosijeni wokwana maperesenti 70 a amene mukanapeza m'mbali mwa nyanja yamchere, pamene pa Dedza mumapeza cha m'ma 83. Matenda obwera ndi kukwera pamwamba amayamba kawirikawiri kupitirira mamita 2,500, makamaka kwa ogona kumeneko, ndipo inu mukagona kumunsi kwa apo. Kukhala ku Dedza kwakupatsaninso poyambira pabwino kuposa munthu wa ku Nsanje. Vuto n'lakuti zizindikiro zake, mutu, nseru, kufooka, kusowa tulo, n'zofanana ndi za chimfine, ndiye n'kosavuta kunena kuti "ndi kachimfine kaja" pamene thupi likunena zina. Mutu umene ukukulirakulira mukamakwera, mankhwala ake ndi kutsika.

Tsopano za anzanuwo. Wa makapisoziyo muuzeni asunge ndalama zake. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, mitundu yoposa 200, wotchuka kwambiri ndi rhinovirus. Amoxicillin, Bactrim ndi anzawo amapha mabakiteriya; vairasi samukhudza n'komwe. Anthu amalumbira kuti makapisozi anawachiza chifukwa amayamba kumwa tsiku lachitatu, pachimake, ndipo pakadutsa masiku awiri chimfine chimakhala chikutha kale chokha. Mamina kusanduka achikasu kapena obiriwira si umboni woti pakufunika maantibayotiki. Mtunduwo umabwera ndi asilikali a m'thupi amene ali pantchito yawo. Chimene makapisoziwo angakupatseni ndi kutsegula m'mimba kapena zidzolo, pa tsiku limene muli pakati pa Chambe ndi Chisepo. Ndipo kugula makapisozi anayi pa okala n'kumwa masiku awiri ndi kumene kukuchititsa kuti mankhwalawa azikanika tsiku limene munthu wadwaladi chibayo. Kuchipatala timaziona zimenezi. Pamene timayamba kuganiza za bakiteriya ndi pamene masiku 10 adutsa osasintha, kapena munayamba kuchira kenako thupi n'kutentha mwatsopano, nkhope ikuwawa mbali imodzi, khutu likubaya. Apo wogamula ndi wachipatala atakupimani.

Wa thukutayo ali ndi kachoonadi kochepa. Mukamayenda mwamphamvu mitsempha ya m'mphuno imafinyika, mphuno n'kutseguka, munthu n'kumva ngati wachira. Mukakhala pansi kanthawi zimatsekanso. Vairasi satuluka ndi thukuta. Chotuluka ndi madzi ndi mchere, zimene mukuzifuna kuti mamina asalimbe. Kuyenda pang'ono padzuwa mphindi 20 sikulakwika, koma kudzithamangitsa sabata ino kuti mulimbe kuli ngati kukweza matumba a kachewere pa njinga yophwa matayala: mufika, koma malimu apindika. Mphamvu za m'miyendo zimene mulibe lero simuzipeza pofika Lachisanu.

Masiku atsalawa ndi ogona. Ndikudziwa kuti ino ndi sabata yochonga mayeso ndi kulemba malipoti, koma tulo ta maola 8 kapena kupitirira tikuchitirani zambiri kuposa chilichonse cha m'botolo. Imwani zotentha pafupipafupi: tiyi, madzi a mandimu othira uchi, jinja ngati mumamukonda, phala. Uchi umafewetsadi chifuwa usiku, bola osapatsa khanda losakwana chaka. Manachesi ali pa nyengo yake, idyani, koma musayembekeze kuti afupikitsa matenda. Chothandiza kwambiri mphuno, chomwenso anthu amachinyoza chifukwa n'chotchipa, ndi madzi amchere. Wiritsani madzi, muwasiye atsale ofunda, muyeze kapu ya mamililita 250, muthiremo theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Thirani pang'ono m'dzanja losamba bwino, mukokere m'mphuno imodzi, mumine, kenako inayo, katatu patsiku. Otsalawo muchukuche nawo pakhosi. Pomina musakankhe mwamphamvu mphuno zonse ziwiri nthawi imodzi, mamina amathawira kumakutu.

Kufukiza ndi masamba a bulugamu, kuja tinakuzolowera nthawi ya COVID-19, kumatsegula mphuno kwa kanthawi basi, ndipo madzi owira awotcha anthu ambiri. Ngati mukuchita, beseni likhale pansi, ana akhale kutali. Poti kunja kukuzizira ndinenenso za mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, suoneka. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, munthu n'kugona osadzukanso. Wachimfine ndiye amakhala woyamba kukokera mbaula pafupi ndi bedi, ndipo mutu ukamuwawa amati ndi chimfine chomwecho. Othani, itulutseni panja, kenako gonani.

Mankhwala a kufamasi sachiza chimfine, amangochepetsa zowawa, ndipo paphiri ena mwa iwo ndi msampha. Panado ndi wabwino pa mutu ndi pakhosi: mapiritsi awiri a 500 mg, kenako padutse maola 4 mpaka 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Koma werengani kabokosi ka mankhwala alionse olembedwa kuti ndi a chimfine, chifukwa ambiri muli kale paracetamol yemweyo, ndipo kupyola mlingo kumawononga chiwindi. Ambiri mulinso chlorpheniramine, uja wa mu Piriton, amene amagonetsa ndi kuchedwetsa maganizo. Pabedi palibe vuto. Pa Sapitwa, pamene mukukwawa pamatanthwe ndi manja ndi miyendo, kudumpha mipata pakati pa miyala, phazi lochedwa ndi kamphindi limathyoletsa mwendo. Tulo take timatha kufika mpaka m'mawa, ndiye usiku woti mawa mukwera nsonga musamwe. Ena muli pseudoephedrine, wotsegula mphuno, amene amathamangitsa mtima, kukweza BP ndi kusowetsa tulo. Opopera m'mphuno monga xylometazoline amagwira msanga ndipo angakuthandizeni kugona, koma mukapitirira masiku atatu, akachuluka asanu, mphuno zimazolowera n'kutseka kuposa kale. Brufen musamwe m'mimba muli mopanda kanthu kapena thupi litauma ndi thukuta. Chifu ndi impso zimavutika naye.

Choipa kwambiri pa onsewa n'chakuti amabisa. Panado wa 6 koloko m'mawa amatsitsa kutentha kwa thupi, munthu n'kunyamuka akumva bwino, mphamvu ya mankhwala n'kudzathera pakati pa chitunda. Choncho Lachinayi mudzadziyese pokwera phiri, ndipo mayesowo muwalembe opanda mankhwala. Kuyambira Lachitatu usiku musamwe Panado kapena chilichonse chotsitsa kutentha. Ife a ku Dedza tili ndi mwayi woti phiri lili kuseri kwa nyumba. Lachinayi masana, dzuwa likadalipo, longedzani chikwama monga momwe mudzachinyamulire, mutenge mnzanu mmodzi, mulowe msewu wa m'mapaini wopita ku nsanja za wailesi ndi mafoni. Musalimbane ndi kufika pansonga. Kuchokera m'tauni ndi mamita pafupifupi 600 okwera, ndipo mphamvuzo mukuzifuna Loweruka. Kwerani mphindi 40 kapena 45 pa liwiro lanu la masiku onse, mukucheza. Kodi mukutha kumaliza chiganizo osaima kuti mukoke mpweya? Kodi chifuwa chikungokhala kukhosi, kapena chayamba kukoka pansi? Mukaima mphindi zisanu, mtima ukubwerera m'malo, kapena ukungogunda m'makutu? Kenako tsikani, mudye, mugone, chifukwa zotsatira zenizeni zimatuluka m'mawa mwake. Thupi lochira limadzuka ndi miyendo yolemera pang'ono basi. Limene likadali pankhondo limadzuka litaphwanyika, chifuwa chitakula, nthawi zina litatentha.

Yambani mawa lomwe kuwerenga mtima. Mukangodzuka, musanatsike pabedi, ikani zala ziwiri padzanja kumunsi kwa chala chachikulu, muwerenge mphindi yathunthu, mulembe. Mtima wa wamkulu amene ali chigonere umagunda pakati pa 60 ndi 100. Chimene mukufuna kuona ndi nambala ikutsika tsiku ndi tsiku kapena itakhazikika. Ngati Lachisanu m'mawa yakwera ndi 10 kapena kupitirira poyerekeza ndi ya Lachinayi, thupi silinavomere. Ikadutsa 100 muli chigonere, ulendo wanu ndi wa kuchipatala.

Zonsezi ndikunena poganiza kuti mulibe matenda ena. Ngati muli ndi mphumu, chimfine ndi mpweya wozizira ndi zinthu ziwiri zimene zimaiutsa kwambiri, ndipo mukukakumana nazo pamodzi. Inhela ikhale m'thumba la jekete, osati pansi pa chikwama, ndipo ngati sabata ino mwaigwiritsa ntchito kuposa masiku onse, musapite. Wa BP apewe mankhwala otsegula mphuno aja. Wa shuga, wa mtima ndi amene ali pa ma ARV aonane ndi achipatala asananyamuke, ndipo mankhwala awo anyamule opitirira masiku a ulendo, poti chiperoni chimatha kukusungani m'phiri tsiku lina.

Tinene kuti mayeso mwakhoza. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwanu. Wa makilogalamu 65 ndiye kuti 13, ndipo wochira kumene ndingamuuze 10. Pa Likhubula pali magaidi ndi onyamula katundu amene ntchito yawo ndi imeneyi. Za gaidi musakambirane n'komwe, tengani. Wonyamula katundu mmodzi, mutasonkherana anthu asanu, si ndalama yoti n'kudandaula nayo, ndipo si manyazi. Zovala zikhale zingapo zopyapyala zovala mosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi: pokwera mumavula, mukaima mumavala thukuta lisanazizire. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimayamwa kutentha kwa thupi. Pa kaunjika mumsika mupeza majuzi a ubweya ndi malaya a polyester a anthu ampira; amenewo ndiwo. Muwonjeze jekete yosalowa madzi, chipewa chofika m'makutu, magolovesi ndi masokosi okwanira kusintha. Zogonera muzikulunge m'pulasitiki yolimba pamodzi ndi sleeping bag, ndipo musazivale masana zivute zitani. Mpango wa m'khosi ndi wofunika kwa inu kuposa anzanu. Mphuno ikatseka mumapumira pakamwa, mpweya wozizira ndi wouma umafika m'chifuwa osafunditsidwa, n'kuutsa chifuwa. Mukaphimba kamwa ndi mpango, mpweya umene mwatulutsa umafunditsa wotsatira. M'kathumba kapamwamba muike Panado, themometa, mapaketi angapo a Thanzi, mchere pang'ono, Vaseline wopaka mphuno zikayamba kusupuka, mipango ya m'manja, sopo, tochi ndi mabatire ake. Mu Julayi pofika 6 koloko kwada kale.

Ulendo wa Lachisanu uli ndi kavuto kake. Basi ikadutsa Ntcheu imatsika mpaka ku mtsinje wa Shire pa Zalewa, mamita oposa 1,000 kumunsi kwa Dedza, kenako n'kukweranso kupita ku Blantyre. Kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi kamatupa ndi chimfine, ndiye mpweya wa m'khutu sufanana msanga ndi wakunja. Makutu amatseka, nthawi zina kupweteka. Mezani malovu, yasamulani, tafunani chingamu. Kutsina mphuno n'kuuzira kumathandizanso, koma mofatsa. Zomwezo mudzazifuna tsiku lotsika phiri.

Anzanu muwaganizirenso. Chimfine chimapatsirana kwambiri masiku atatu oyamba, ndiye pofika Lachisanu mphamvu yake idzakhala itachepa, koma m'nyumba za m'phiri anthu amagona moyandikana m'chipinda chimodzi. Kapu yanu, sipuni yanu, botolo lanu. Posamba m'manja nthawi ya nsima muzithirirana madzi, osati kuviika nonse m'beseni limodzi. Zingakhale zomvetsa chisoni inu kuchira pa Chambe, anzanu awiri n'kuyamba kuyetsemula pa Chisepo.

Pokwera ku Chambe pali njira ya Skyline, yachidule koma yoimirira, ndi ya Chapaluka, yotalikirapo koma yopumitsa, yodutsa pa Dziwe la Nkhalamba. Sankhani Chapaluka, ndipo padziwepo inu ntchito yanu ikhale kujambula zithunzi, osati kusambira. Yendani kumbuyo kwenikweni kwa gaidi kuti gulu litsatire liwiro lanu. Wotsalira kumbuyo amathamangira anzake, akawapeza iwo apuma kale ndipo akunyamuka, iye osapuma tsiku lonse. Imwani madzi musanamve ludzu, chifukwa pozizira ludzu silimveka pamene kupumira pakamwa kukukuumitsani. Mkodzo ukayamba kuda, mwachedwa. Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera, komabe wiritsani kapena thiranimo WaterGuard. Chakudya sichidzakoma, poti mphuno yotseka imapha kukoma, ndiye idyani motsatira wotchi, maola awiri alionse: mtedza, nthochi, mbatata yootcha, buledi wa chiponde, ndipo m'mawa phala lotentha la Likuni. Usiku m'nyumbamo mumakhala moto wa nkhuni. Othani, koma musagone pamene utsi ukuzungulira, ndipo mutu muukweze pachikwama kuti mamina asatsikire kukhosi. Kabotolo kamene mnzanu wina adzatulutse kuti n'kofunditsa thupi mukakane. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kufunda pamene kutenthako kukutuluka m'thupi.

Musananyamuke khalani pansi nonse asanu mugwirizane zobwerera, ndipo pa Likhubula gaidi amvenso kuti mukuchira chimfine. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo manyazi amenewa amachuluka m'magulu a amuna; palibe amafuna kukhala woyamba kunena kuti zamukanika. Gwirizanani kuti thupi likatentha, m'chifuwa mukamabaya pokoka mpweya, befu likakugwirani mutakhala pansi, makhololo akaoneka magazi, kapena mukayamba chizungulire ndi kusanza, mukutsika, ndipo mukutsika ndi munthu wina, osati nokha. Anzanu adziwenso zizindikiro za kuzizidwa koopsa, chifukwa mwiniwake sadzizindikira: kunjenjemera kosaleka, zala kulephera kumanga zingwe za nsapato, kupunthwapunthwa, kulankhula mokoka lilime, kungoti zii munthu wokonda nthabwala. Woteroyo muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumutchinge kumphepo, mumupatse chakumwa chotentha cha shuga ngati akutha kumeza. Kunjenjemera kukasiya munthu asanafunde, zafika poipa.

Lolemba m'mawa pa Chisepo mudzagamulenso kachiwiri. Kufika pamenepo si lonjezo loti mukwera Sapitwa. Tsikulo n'lalitali, maola ambiri okwawa popita ndi pobwerera, ndipo pamwambapo palibe pobisala mphepo. Ngati mwatsokomola usiku wonse, kapena nkhungu yaphimba ndipo gaidi akupukusa mutu, tsalani panyumbapo ndi mlonda, muwiritse madzi a tiyi a obwerera. Mwa zigawo zonse za ulendowu, ichi ndicho ine ndingachichotse mosazengereza kwa munthu wochira kumene.

Mayeso a Lachinayi akakukanikani, ndalama zimene munasonkha zikupwetekani mumtima, ndikudziwa. Kambiranani ngati gulu lonse lingasunthe ndi sabata imodzi, poti holide ino ndi yaitali. Akakana, asiyeni apite. Mukayamba kupeza bwino, Chongoni ali pafupi. Mapanga a zojambula zakale a Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, ena mwa malo 127 amene UNESCO inawavomereza mu 2006, ndi maulendo a tsiku limodzi oti mumabwerera kukagona pabedi lanu, ndipo miyendo ingayambirenso pamenepo. Yambani ndi theka la zimene mumachita masiku onse, muziwonjezera pang'onopang'ono.

Mupite kapena musapite, chifuwa chikafika sabata ziwiri, makamaka ngati pali thukuta la usiku kapena kuonda, kapimitseni makhololo. TB imayezedwa ndi kuchizidwa ulere m'zipatala za boma. Mukakhala ndi chikaiko pakati pa sabata ino, imbani ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere, muwauze nambala ya pa themometa ndi ya mtima zimene mwalemba m'mawa umenewo.